MAKOMO ATATU AMENE TOYOTA INALOWERA M'DZIKO LA AMERICA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Kampani ikakula m'dziko la kwao, nifuna kukagulitsa katundu wache kwa anthu a maiko ena, akuluakulu ache sachedwa kugwirizana kuti kupitako kuli bwino, pakuti phindu ali yense alifuna. Chimene chiwasowetsa tulo ndicho kusankha khomo lolowera. Makomo alipo angapo. Kampani ikhoza kupanga katundu kwao ndi kumtumiza pa sitima ya pamadzi. Ikhoza kupatsa kampani ya m'dzikomo chilolezo chopanga katunduyo m'dzina lache, iyo nkumalandira kangachepe pa chinthu chiri chonse chogulitsidwa. Ikhoza kupalana ubwenzi ndi eni dziko ndi kuyambitsa nao kampani ya onse awiri, kapena kugula kampani imene iripo kale, kapenanso kuswa mphanje ndi kumanga fakitale yacheyache. Khomo liri lonse liri ndi mtengo wache, ndipo mtengowo suwerengedwa m'ndalama zokha.

Anthu ambiri aganiza kuti kampani yolemera ilowa pa khomo lalikulu, yosauka pa laling'ono. Mbiri ya kampani ya magalimoto ya Toyota m'dziko la America itionetsa china. Toyota inasintha khomo katatu pa zaka 30, ndipo ulendo uli wonse inasankha poyang'ana zinthu ziwiri: zimene inali isanazidziwe za dzikolo, ndi zimene Boma la dzikolo likadailola kuchita. Awerengi athu ogwira nchito m'Boma aisamale nkhaniyi, chifukwa dzanja limene litseka khomo lina ndi kutsegula lina kawirikawiri liri dzanja la Boma.

ULENDO WOYAMBA, PA SITIMA

M'mwezi wa August 1957 sitima inatsitsa pa doko la Los Angeles magalimoto awiri a mtundu wa Toyopet Crown, ndipo pa 31 October chaka chomwecho Toyota inatsegula ofesi yache ya malonda ku Hollywood, m'chigawo cha California. Amene analimbikira ulendowu anali Bambo Shotaro Kamiya, mkulu wa malonda a Toyota. Iwo anaona kuti magalimoto ang'ono a ku Ulaya, makamaka Volkswagen, anali kuyenda malonda ku America, ndipo anaopa kuti tsiku lina Boma la kumeneko lidzaika malire pa magalimoto a kunja Toyota isanapondeko phazi. Komanso dziko la Japan masiku amenewo linali ndi njala ya madola.

Kwao ku Japan, Crown inali galimoto yolemekezeka ndi yolimba, yokondedwa ndi oyendetsa matakisi, pakuti inapangidwira miseu yokumbikakumbika ya dziko longotuluka kumene m'nkhondo, kumene munthu sathamanga ngakhale atafuna. Pa miseu yaikulu ya California zinthu zinatembenuka. Injini yache inali yaing'ono poyerekeza ndi kulemera kwa galimotoyo. Ikathamanga nthawi yaitali inali kutentha ndi kunjenjemera, ndipo pa zitunda inali kuwefuka. Pamwamba pa izi mtengo wache unaposa wa Volkswagen. M'chaka chonse cha 1958 kampaniyo inagulitsa ma Crown 287 ndi Land Cruiser imodzi, m'dziko limene linali kugula magalimoto mamiliyoni pa chaka. M'chaka cha 1961 inaleka kugulitsa Crown ku America. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo Toyota inalidya ndithu.

Koma tsono taonani ubwino wa khomo limeneli. Toyota inachita manyazi, inatayanso ndalama, koma sinasiye ku America fakitale yatsekedwa kapena anchito zikwi oyembekeza malipiro. Inangosiya kukweza Crown m'sitima. Ofesi ya ku California inakhalabe ndi moyo pogulitsa Land Cruiser pang'onopang'ono, pamene amisiri a ku Japan anali kukonza galimoto ina poyang'ana zolakwa za yoyamba ija. Galimotoyo, Corona, inafika m'chaka cha 1965, ndipo chaka chotsatira malonda a Toyota ku America anapitirira magalimoto 20,000. Corolla inatsatira m'chaka cha 1968. Pamene mafuta anakwera mtengo m'chaka cha 1973, anthu a ku America anayamba kufunafuna galimoto yosamwa petulo wambiri, ndipo pofika 1975 Toyota inapitirira Volkswagen nikhala yoyamba mwa makampani onse otumiza magalimoto m'dzikomo.

Aphunzitsi akonde kudziwa kuti kayendedwe kotere kanalembedwa ndi anthu ophunzira. M'chaka cha 1977 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, Jan Johanson ndi Jan-Erik Vahlne, atayang'ana makampani a kwao, anafotokoza kuti kampani iika chuma chache m'dziko lachilendo monga mwa muyeso wa zimene yaphunzira za dzikolo: iyamba ndi kutumiza katundu, kenaka itsegula ofesi ya malonda, potsiriza pache imanga fakitale. Maganizo amenewa ali oona, koma kwa ife aoneka ngati aiwala munthu mmodzi, ndiye wokhometsa msonkho pa doko.

NKHUKU NDI MALOLE

Mphamvu ya munthu ameneyo ioneka bwino m'nkhani ina yoseketsa. Poyamba pa zaka za m'ma 1960 maiko a ku Ulaya anakweza msonkho pa nkhuku zochokera ku America. Pobwezera, Boma la Pulezidenti Lyndon Johnson linaika msonkho wa 25 pa 100 pa malole ang'ono onyamula katundu ochokera kunja, kuyambira mu January 1964. Mkanganowo unali wa America ndi Ulaya, koma ndodo inagweranso a ku Japan. Toyota inapeza mpata m'lamulolo: lole yobwera yopanda thupi lache la kumbuyo inali kulipira msonkho wochepa. Chotero kuyambira 1972 kampani ina yaing'ono ya ku Long Beach inayamba kuipangira matupiwo, Toyota nkumatumiza mitu ndi mawilo okha, ndipo m'chaka cha 1974 inaigula kampaniyo. Malo oyamba amene Toyota inapangirapo kanthu ku America anabadwa motero, chifukwa cha nkhuku. Boma linatseka mpatawo m'chaka cha 1980.

BOMA LICHEPETSA CHIPATA

Chaka cha 1980 chinali chowawa ku Detroit, mzinda umene uli likulu la magalimoto a ku America. M'chaka chimenecho dziko la Japan linapanga magalimoto pafupi 11 miliyoni, America pafupi 8 miliyoni, ndipo aka kanali koyamba kuti Japan akhale patsogolo. Anchito zikwizikwi anachotsedwa, kampani ya Chrysler inapulumuka kokha chifukwa Boma linaiimira pa ngongole, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anayamba kukonza lamulo loletsa magalimoto a ku Japan. Pofuna kupewa lamulolo, mu May 1981 Boma la Japan linalengeza kuti lidzadziletsa lokha, osatumiza magalimoto opitirira 1,680,000 pa chaka. Panganoli linatchedwa lodzifunira, ngakhale ali yense anadziwa kuti kufunako kunachokera ku Washington, kwa Boma la Pulezidenti Ronald Reagan.

Kuyambira pamenepo khomo la sitima linakhala ndi mlonda wowerenga. Wogula wa ku America ndiye analipira, pakuti magalimoto atachepa mitengo inakwera. Koma kwa makampani a ku Japan tanthauzo lache linali limodzi: wofuna kukula apange magalimoto m'dziko momwemo. Honda sinachedwe, inali kupanga kale njinga zamoto ku Marysville m'chigawo cha Ohio, ndipo mu November 1982 inatulutsa kumeneko galimoto yache yoyamba. Nissan inatsatira ku Smyrna, Tennessee, m'chaka cha 1983. Toyota, yaikulu koposa zonse, inazengereza, ndipo ambiri anaiseka kuti ndi yamantha.

Mantha amenewo anali ndi maziko. Mphamvu ya Toyota sinali m'makina ache iai, inali m'kachitidwe ka nchito. Zitsulo zinali kufika pa fakitale pa ora limene zifunika, osaunjikidwa m'nyumba zosungira katundu. Makampani ang'ono opanga zitsulozo anali pafupi, m'dera lomwelo la Toyota City, ndipo anadziwana ndi Toyota kwa zaka zambiri. Wanchito ali yense anaphunzitsidwa kuti cholakwa chikonzedwe pomwe chaonekera. Kodi zotere zinganyamulidwe kupita ku dziko la mitunda italiitali, la chilankhulo china, la mabungwe a anchito ozolowera kulimbana ndi mabwana? Panalibe amene anadziwa. Ndiponso chitsanzo choopsa chinali pamaso pao. Volkswagen inatsegula fakitale yache ku Westmoreland, Pennsylvania, m'chaka cha 1978. Chisanathe chaka anchito ananyanyala nchito, mabvuto anatsatizana, ndipo m'chaka cha 1988 fakitaleyo inatsekedwa.

Makomo ena awiri aja sanali okopa. Za chilolezo, a ku Japan anadziwa kuopsa kwache koposa munthu wina ali yense, pakuti iwo eni anapindula nako. Itatha nkhondo Boma la Japan linatchinga msika wache kotero kuti makampani a ku Ulaya sanathe kulowa mwa njira ina koma kugulitsa chilolezo. Mu December 1952 kampani ya Austin ya ku Britain inapangana ndi Nissan kuti Nissan izipanga magalimoto a Austin. Poyamba zitsulo zonse zinali kuchokera ku Britain m'mabokosi. Pofika 1956 Nissan inali kupanga galimoto yonse yokha. Austin inalandira ndalama zache mwa pangano, osanyengedwa ndi munthu, koma inalera mwana amene anadzailanda msika. M'chaka cha 1986 Nissan inatsegula fakitale ku Sunderland, mu Britain momwemo, ndipo zaka khumi zimenezo zisanathe dzina la Austin linachoka pa magalimoto atsopano. Za kugula kampani ya eni, ndiko kulowa msanga koposa, koma wogula atenga ndi matenda omwe. BMW ya ku Germany inadzaona zimenezi pambuyo pache: inagula Rover ya ku Britain ndi mapaundi 800 miliyoni m'chaka cha 1994, ndipo m'chaka cha 2000, itasungako Mini ndi kugulitsa Land Rover kwa Ford, inapereka zotsala kwa anthu ena pa mtengo wa mapaundi 10. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

CHIKAMWINI CHA KU FREMONT

Chotero Toyota inafuna bwenzi. Inayamba kukambirana ndi Ford, koma zokambiranazo zinafa m'chaka cha 1981. Amene anabvomera anali General Motors, kampani yaikulu koposa ya magalimoto pa dziko lonse masiku amenewo, imene anthu aitchula mwachidule GM. Mu February 1983 Bambo Eiji Toyoda a ku Toyota ndi Bambo Roger Smith a ku GM anasaina pangano loyambitsa kampani ya onse awiri, ali yense theka, dzina lache New United Motor Manufacturing, kapena NUMMI. GM inapereka fakitale yache ya ku Fremont, California. Toyota inapereka madola 100 miliyoni, mapulani a galimoto, ndi akuluakulu oyendetsa nchito. Chrysler inakasuma ku bwalo la milandu kuti zimphona ziwiri zikagwirizana zidzapondereza ena, koma Boma linalola panganolo m'chaka cha 1984, poyamba kwa zaka 12 zokha.

Kwathu kuno tidziwa chikamwini. Mnyamata akalowa m'mudzi wa eni alima munda umene suli wache, amanga nyumba pa malo a apongozi, ndipo akayamba msanga kulamula amuonetsa njira ya kwao. Koma ngati ali wodekha, zikapita zaka zochepa adziwa nthaka ya kumeneko, adziwa oyenera kuwagwadira ndi oyenera kuwapewa, ndipo zonsezi aziphunzira wosagula munda. Toyota inalowa ku Fremont monga mkamwini, ndipo inadziwa bwino lomwe chimene inadzera.

Munda umene anaipatsa unali wa minga. Fakitale ya Fremont inatsekedwa ndi GM m'chaka cha 1982 itatchuka kuti ndiyo yoipitsitsa mwa mafakitale ache onse. Tsiku wamba wanchito mmodzi mwa asanu sanali kubwera ku nchito, ndipo Lolemba zinali kunyanya. Mowa unali kumwedwa m'katikati mwa nchito, madandaulo a anchito anaunjikana zikwi osaweruzidwa, ndipo magalimoto anali kutuluka opunduka, oyenera kukonzedwanso asanagulitsidwe. Bungwe la anchito a magalimoto, la United Auto Workers, linaumirira kuti anthu omwewo alembedwenso. Toyota inabvomera, ndipo ochuluka mwa anchito a NUMMI, pafupi 85 mwa 100 ali onse, anali omwe aja a kale, pamodzi ndi atsogoleri ao a bungwe amene GM inawayesa oyambitsa chipolowe.

Anthu mazana angapo anatumizidwa ku Japan, ku fakitale ya Takaoka, kukagwira nchito masabata ochepa pambali pa anzao a kumeneko. Chimene chinawadabwitsa koposa chinali chingwe. M'fakitale ya magalimoto, galimoto iyenda pa mzere, ndipo wanchito ali yense aikapo chitsulo chache isanamdutse. Pansi pa GM lamulo lalikulu linali lakuti mzere usaime; munthu akalephera kumanga bauti, galimoto inali kupitirira chomwecho, cholakwacho nkukwiriridwa ndi zitsulo zina. Ku Takaoka, pamwamba pa mutu wa wanchito ali yense panali chingwe. Akaona cholakwa achikoka, kapitao abwera mothamanga kudzamthandiza, ndipo zikakanika mzere wonse uima kufikira atakonza. Munthu amene kwa zaka 20 anauzidwa kuti iye ndi manja chabe anapatsidwa mphamvu yoimitsa fakitale. Anchito anagawidwa m'timagulu ting'onoting'ono, maina ambirimbiri a maudindo anachepetsedwa, ndipo mabwana anayamba kudya m'chipinda chimodzi ndi anchito.

Pobwezera, kampani inalonjeza kuti sidzachotsa anthu pokhapokha moyo wa kampani uli pangozi, ndi kuti zisanafike pamenepo malipiro a akuluakulu ndiwo adzayamba kudulidwa. Galimoto yoyamba, Chevrolet Nova, imene kunena zoona inali ya banja la Corolla koma yobvala dzina la GM, inatuluka mu December 1984. Zisanathe zaka ziwiri magalimoto a ku Fremont anali ndi zolakwa zochepa koposa a fakitale ina iri yonse ya GM, pafupifupi kulingana ndi a ku Takaoka, ndipo kujomba kunatsika kwambiri. Lonjezo lija linayesedwa m'chaka cha 1988, pamene malonda a Nova anagwa, fakitale nigwira nchito mopitirira theka pang'ono la mphamvu yache. Sanachotse munthu, anthu anatumizidwa ku maphunziro ndi kukonza makina. Sitinena kuti onse anakondwa, pakuti anchito ena anadandaula kuti nchito inafulumira, ndi kuti mphindi iri yonse inali yowerengedwa. Koma nyumba inali yomweyo, anthu omwewo, bungwe lomwelo.

ANAPINDULA NDANI?

Apa ndipo pali mtima wa nkhani, pakuti m'kampani ya anthu awiri phindu la ndalama ligawidwa mwa pangano, koma nzeru sigawidwa mwa pangano. Itengedwa ndi amene aifuna.

Toyota inadza ndi mafunso olembedwa. Inafuna kudziwa ngati wanchito wa ku America angatsate kachitidwe kache, mmene akambirana ndi bungwe la anchito, mmene agulira zitsulo kwa makampani okhala mitunda zikwi kutali, ndi mmene malamulo a dzikolo ayendera. Mayankho onse inawapeza pa mtengo wochepa, m'nyumba ya mnzache.

GM inanena kuti ifuna magalimoto ang'ono abwino ogulitsa, ndiponso kuphunzira chinsinsi cha a ku Japan. Choyambacho inachipeza. Pa chachiwiri inatumiza mabwana 16 kukakhala ku Fremont, ndipo iwo anaphunzira ndithu. Koma pobwerera anamwazidwa mmodzimmodzi m'kampani ya anthu mazana a zikwi, kumene kapitao anali kuyamikidwabe chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto otuluka, abwino ndi oipa omwe. Ena a iwo anatopa nachoka. Alendo ochokera ku Detroit anali kufika ku Fremont kudzajambula makina, osakhulupirira kuti chinsinsi chiri m'chingwe ndi m'lonjezo. Nthawi yomweyo likulu la GM linali kutsanulira madola mabiliyoni m'maloboti, ndipo m'fakitale yache yatsopano ya Hamtramck, yotsegulidwa m'chaka cha 1985, maloboti opaka utoto anatchuka ndi kupakana okhaokha. Anayesa kachitidwe ka NUMMI m'fakitale ya Van Nuys, m'chigawo chomwecho cha California, koma mabwana ndi anchito sanakhulupirirane, ndipo inatsekedwa m'chaka cha 1992. Kunena mwachilungamo, GM inadzaphunzira m'zaka zotsatira, ndipo magalimoto ache anakhala bwino. Koma m'chaka cha 1980 inali kugulitsa magalimoto oposa 40 mwa 100 ali onse ogulidwa ku America. Pofika 2009 inali pafupi 20.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mudzi akangokayamikira osapempha kumetedwa, tsitsi lache likhalabe. Ali yense wotumidwa ndi Boma kapena ndi kampani ya kwao kukasaina pangano ndi alendo adzifunse funso limene GM inachedwa kudzifunsa: anthu athu akaphunzira, adzabwerera kukakhala pa mpando uti, ndipo adzawamvera ndani?

MPHANJE YA KU KENTUCKY

Mkamwini sanachedwe kufuna pache. Patangopita chaka chimodzi Nova yoyamba itatuluka, mu December 1985, Toyota inalengeza kuti idzamanga fakitale yacheyache, ya madola 800 miliyoni, ku Georgetown m'chigawo cha Kentucky. Kuonjeza pa zimene inaona ku Fremont, panali chinthu china chimene chinaikankha. Mu September 1985 nduna za chuma za maiko asanu, America, Japan, West Germany, France ndi Britain, zinakumana mu hotela ya Plaza ku New York nizigwirizana kutsitsa mphamvu ya dola. Dola imodzi inali kugula mayeni pafupi 240. Pofika kumapeto a 1987 inali kugula ochepera 130. Ndiko kunena kuti galimoto yopangidwa ku Japan ndi malipiro a mayeni inakwera mtengo ku America popanda wosintha ngakhale bauti imodzi. Kachiwiri, cholembera cha Boma chinasuntha khomo.

Malo amene anasankha atiuza zimene anaphunzira. Kentucky ndi dziko la akavalo ndi la fodya wa burley, mtundu womwewo umene alimi athu audziwa. Georgetown iri pafupi ndi mphambano ya miseu iwiri yaikulu, ulendo wa tsiku limodzi pa lole kuchokera kwa opanga zitsulo a ku Michigan ndi Ohio, koma kutali ndi miyambo ya mafakitale a Detroit. Toyota inalemba anthu a m'deralo, ambiri osadziwa kanthu za kupanga magalimoto, niwaphunzitsa kuyambira pansi. Ngakhale inakhala bwino ndi bungwe la anchito ku Fremont, ku Georgetown bungwe silinalowe.

Zigawo zambiri zinalimbirana fakitaleyi. Bwanamkubwa wa Kentucky, Mai Martha Layne Collins, anapambana polonjeza malo, miseu ndi maphunziro a anchito, za mtengo woposa madola 100 miliyoni a anthu okhoma msonkho. Otsutsa anati nkulakwa kupatsa kampani yolemera ya alendo chuma cha anthu, ndipo mlandu unafika ku bwalo lalikulu la chigawocho, limene linabvomereza panganolo m'chaka cha 1987. Camry yoyamba inatuluka mu May 1988. Woyang'anira fakitaleyo, Bambo Fujio Cho, anadzakhala mtsogoleri wa Toyota yonse m'chaka cha 1999. Kuchokera pa ma Crown awiri aja kufikira pa Camry imeneyi panapita zaka 31.

KHOMO LINA KU DURBAN

Wina asaganize kuti kampani iri ndi njira imodzi ya maiko onse. Khomo la chilolezo, limene Toyota sinalowere ku America, ndilo inalowera kum'mwera kwa Africa. M'chaka cha 1961 munthu wa malonda wa ku South Africa, Dr Albert Wessels, anaitanitsa malole ang'ono 10 a Toyopet Stout. Boma la kumeneko linali kuumiriza kuti mbali ya galimoto izipangidwa m'dzikomo, ndipo m'nthawi ya tsankho Boma la Japan linaletsa makampani ache kukhala ndi mafakitale ao ku South Africa. Chotero kwa zaka zoposa 30 magalimoto a Toyota anapangidwa ku Durban ndi kampani ya eni dziko, mwa chilolezo. Tsankho litatha, Toyota inayamba kugula magawo m'chaka cha 1996, ndipo m'chaka cha 2002 inatenga ulamuliro. Ma Hilux atsopano ambiri amene afika kuno achokera ku fakitale imeneyo ya Prospecton. M'maiko onga lathu, kumene ogula galimoto yatsopano ali owerengeka, kampani ikhutira ndi wogulitsa ndi galaja ya zitsulo. Ndipo ma Toyota ochuluka a m'miseu yathu sanalowe pa khomo losankhidwa ndi kampani konse, koma anagulidwa akale ku Japan ndi kutsikira pa madoko onga Dar es Salaam.

Tibwerere ku Fremont. Chikamwini chimene Boma linachilola kwa zaka 12 chinakhala zaka 25, pakuti malire aja anachotsedwa m'chaka cha 1993, ndipo fakitaleyo inapanga magalimoto pafupi 8 miliyoni. M'chaka cha 2008 Toyota inapitirira GM pa kuchuluka kwa magalimoto ogulitsidwa pa dziko lonse. Mu June 2009 GM inagwa ndi ngongole, nipulumutsidwa ndi ndalama za Boma, ndipo m'mwezi womwewo inatuluka mu NUMMI. Toyota inatsala yokha ndi fakitale yokalamba, m'chigawo cha mitengo yokwera, kutali ndi opanga zitsulo, pamene inali nao kale mafakitale ache ku Kentucky, Indiana, Texas ndi ku Canada. Mu August inalengeza kuti nayonso ichoka. Nchito ya Corolla inapita ku Canada, ya malole ang'ono ku San Antonio m'chigawo cha Texas.

Galimoto yotsiriza, Corolla yofiira, inatuluka pa 1 April 2010, ndipo anthu 4,700 anataya nchito. M'mwezi wotsatira kampani yaing'ono ya magalimoto oyendera magetsi, Tesla, inapangana zogula nyumbayo ndi madola 42 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2012 inayamba kutulutsamo magalimoto ache.